Kodi Wophunzira Fizikisi Adzakhala Yani?

Chaka ndi chaka, maina a ophunzira osankhidwa kupita ku mayunivesite a boma akatuluka, m'makomo ambiri mumamveka nthungululu. Mwana amene wasankhidwa kukaphunzira udokotala savutika kufotokoza za mwayi wake, pakuti ngakhale agogo a kumudzi amadziwa kuti dokotala ndi yani. Chimodzimodzinso amene wasankhidwa ku zamalamulo, ku unamwino kapena ku zaulimi. Koma pamakhala mwana wina amene dzina lake latuluka pansi pa mawu akuti fizikisi. Nthungululu zikatha, malume ake amamuitanira paseri namufunsa modekha kuti, "Tsono mphwanga, ukamaliza zimenezi udzakhala yani?" Kawirikawiri mwanayo amangozolika, ndipo sikuti ndi ulemu wokha, yankho amakhala alibe.

Funso la malume ndi lolungama ndithu. Banja limene lagulitsa chimanga ndi mbuzi kuti mwana afike Fomu 4 liyenera kudziwa kumene zaka zina zinayi zikupita. Ndipo nzoona kuti munthu atasanthula zidziwitso za ntchito m'nyuzipepala kwa mwezi wathunthu, mwina sangapeze ngakhale chimodzi chonena kuti pakufunika katswiri wa fizikisi. Chifukwa chake nchakuti m'dziko muno ntchito za anthu amenewa zimabisala m'maina ena. Wina amatchedwa wa zanyengo, wina wofufuza za miyala, wina woyang'anira makina a kuchipatala, wina woyesa masikelo, ndipo ambiri amatchedwa aphunzitsi. Wophunzira amene sadziwa zimenezi amalowa m'yunivesite ali wokhumudwa, akudziona ngati munthu amene adaphonya udokotala kapena uinjiniya, ndipo mtima wotere suthandiza pa phunziro limene limafuna munthu yense wathunthu.

Fizikisi ndi nthambi ya sayansi yofufuza malamulo amene zinthu zimatsata poyenda, potentha, powala, polira ndi pokokana. Aphunzitsi akale adaidziwa ili yophatikizana ndi kemisitiri m'phunziro limodzi lotchedwa Physical Science, koma tsopano pa mayeso a MSCE awiriwa amalembedwa paokhapaokha. Kuti phindu lake lioneke bwino, nkoyenera kuyang'ana mtsinje wa Shire.

Kumapeto kwa Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana adagwetsa chimvula choopsa m'chigawo cha kum'mwera. Shire adasefukira nagumula mbali ya damu la Kapichira, ndipo makina opanga magetsi okwana mamegawati pafupifupi 130 adaima. Kwa nthawi yopitirira chaka magetsi ankangozimazima, zigayo zinkakhala duu, owotcherera zitsulo ankapinda manja, kufikira makinawo adabwerera pa ntchito mu 2023. Anthu ambiri adamva nambala ya 130 pa wailesi osadziwa kumene imachokera, chonsecho wophunzira wa Fomu 4 angathe kuipeza ndi pensulo. Madzi odzaza bokosi la mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu amalemera makilogalamu 1,000. Madzi ochuluka chotero akamagwa sekondi iliyonse kuchokera pamwamba pa mamita 50, amapereka mphamvu ya mawati pafupifupi 500,000, ndiye kuti theka la megawati. Motero kuti pa kugwa kotereku papezeke mamegawati 130, pafunika mabokosi oposa 260 a madzi pa sekondi iliyonse, usana ndi usiku.

Amene wawerengera yekha zimenezi sadabwanso chifukwa chimene akuluakulu a magetsi amada nkhawa nyanja ya Malawi ikatsika, kapena chifukwa chimene boma lidamangira zitseko za madzi pa Liwonde mu 1965, chaka chimodzi makina a Nkula asanayambe kupereka magetsi. Amamvetsanso kulemera kwa mbiri yakuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanjayo idatsika kwambiri mwakuti madzi adaleka kutulukira mu Shire. Ndipo makina onse a pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira amatsata chinthu chimodzi chimene Michael Faraday wa ku England adatulukira mu 1831, chakuti maginito akamayenda pafupi ndi waya wokulungiza, m'wayamo mumabadwa magetsi. Faraday sadapite ku yunivesite. Adayamba ngati mnyamata wosoka mabuku, nawerenga mabuku amene ankasokawo.

Zimene Wophunzira Amakumana Nazo

Nyumba yakale ya fizikisi m'dziko muno ili ku Zomba, pa sukulu imene inkatchedwa Chancellor College. Koleji imeneyi idasamukira ku Zomba kuchokera ku Chichiri mu 1973, ndipo kuyambira 2021, makoleji a University of Malawi atapatukana, ndiyo idatsala ndi dzina la yunivesiteyo. Phunziroli limapezekanso pa Mzuzu University, makamaka kwa ofuna uphunzitsi ndi ofuna za mphamvu ya dzuwa ndi mphepo, ndiponso pa Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, imene idatsegulidwa mu 2014 ndipo imaphunzitsa za nyengo ndi za miyala. Makoleji a aphunzitsi a sekondale a Domasi ndi Nalikule nawonso amasula aphunzitsi a sayansi. Polowera pake mpodziwika: makirediti asanu ndi imodzi pa MSCE kuphatikizapo Chingerezi, ndipo wofuna fizikisi ayenera kukhala atakhoza bwino masamu ndi fizikisi yomwe.

Pa mawu akuti masamu mpamene pafunika kuima pang'ono, pakuti apa mpamene ambiri amanyengeka. Mnyamata amene amakonza mawailesi ndi matochi a m'mudzi monse amaganiza kuti ku yunivesite akapitiriza zomwezo. Luso la manjalo nlabwino ndipo lidzamuthandiza, koma chimene amapeza m'kalasi ndi bolodi lodzaza manambala ndi zilembo. Ku sekondale masamu amakhala ngati ndiwo za fizikisi. Ku yunivesite amasanduka nsima yeniyeni. Chaka choyamba wophunzira amakumana ndi masamu otchedwa calculus, amene amawerengera zinthu zosinthasintha, monga liwiro la mwala umene ukugwa, limene limakula kamphindi kalikonse. Isaac Newton adachita kupanga masamu amenewa chifukwa popanda iwo sakadatha kufotokoza kayendedwe ka mwezi ndi maplaneti. Wophunzira amene angawanyalanyaze m'chaka choyamba adzapeza kuti m'chaka chachitatu mphunzitsi akulankhula chinenero chimene iye sakuchimva. Sikuti pamafunika mutu wodabwitsa ayi. Chofunika nkukhala pansi tsiku ndi tsiku ndi kuyankha mafunso ambiri ndi pensulo, pakuti fizikisi siloweka poiwerenga ngati nthano.

Maphunzirowo amayamba ndi zodziwika: kayendedwe ka zinthu, kutentha, kuwala, mawu, magetsi ndi maginito. Kenaka amalowa m'zinthu zosaoneka ndi maso. Wophunzira amamva za atomu ndi za m'kati mwake, za malamulo achilendo otchedwa quantum mechanics amene tizinthu tating'onoting'ono timatsata, ndi za mmene silicon, chinthu chopezeka mumchenga wamba, chimasandulira kuwala kwa dzuwa kukhala magetsi. Zimenezi zimamveka ngati za kutali, koma ndizo zili m'foni ya m'manja, ndizonso zili m'minda ya magetsi a dzuwa imene idayamba kugwira ntchito ku Salima mu 2021 ndi ku Golomoti mu 2022.

Masana ambiri amathera mu labotale, ndipo mmenemo wophunzira amatenga chinthu chimene sichilembedwa pa satifiketi. Amaphunzira kuti palibe muyeso wangwiro. Akayesa chinthu kasanu amapeza manambala asanu osiyana pang'ono, ndipo saloledwa kusankhapo imene ikugwirizana ndi buku. Ayenera kulemba zonse, kupeza ya pakati, ndi kunena poyera kuti yankho lake lingakhale lolakwika ndi mlingo wakutiwakuti. Munthu amene wazolowera zimenezi kwa zaka zinayi sanamizidwa msanga ndi manambala, ndipo iye mwini amachita manyazi kupereka nambala imene sadaiyese. Mabanki, makampani a mafoni ndi mabungwe a kafukufuku amene amalemba ntchito anthu a fizikisi amafuna khalidwe limeneli pamodzi ndi luso la kompyuta, ngakhale kuti pa ntchitoyo sipadzatchulidwanso dzina la Newton.

Kumene Amapezeka

Pali chenjezo limodzi loyenera kunenedwa mosapsatira. Digiri ya fizikisi siimusandutsa munthu injiniya. Amene mtima wake uli pa kumanga milatho kapena kuyendetsa makina a EGENCO ndi mawaya a ESCOM ayenera kulimbikira kuti asankhidwe ku uinjiniya, monga ku Malawi University of Business and Applied Sciences ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic. Injiniya amaphunzira kumanga chinthu motsata njira zoyesedwa kale. Wa fizikisi amaphunzira chifukwa chimene njirazo zimagwirira ntchito ndi malire ake. Awiriwa amakumana kawirikawiri pa ntchito, koma zitseko zimene amalowera nzosiyana.

Chitseko chimodzi cha wa fizikisi ndi nthambi ya boma yoona zanyengo, imene likulu lake lili ku Blantyre. Kulosera nyengo si kuyang'ana mitambo chabe. Mpweya umatsata malamulo omwewo a kutentha ndi kuyenda amene wophunzira amakumana nawo m'chaka chachiwiri, ndipo makompyuta amawerengera malamulowo pogwiritsa ntchito miyeso ya pansi ndi zithunzi za masetilaiti. Namondwe Freddy, amene adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno mu Malichi 2023, adaonetsa kuti chenjezo lofika pa nthawi yake, lonena malo enieni ndi kuchuluka kwa mvula, ndi nkhani ya moyo ndi imfa kwa okhala m'munsi mwa phiri la Soche kapena m'chigwa cha Shire.

Pansi pa nthaka palinso ntchito. Malawi ali m'chigwa chachikulu chimene chikung'amba kum'mawa kwa Africa pang'onopang'ono, nchifukwa chake kudachitika chivomezi ku Salima mu Malichi 1989 ndi zivomezi zotsatizana ku Karonga mu Disembala 2009. Nthambi yofufuza za miyala ku Zomba imasunga makina olemba kugwedezeka kwa nthaka. Anthu ambiri akukumbukiranso ndege zouluka m'munsi zimene adazitcha Kauniuni, zimene zotsatira za kafukufuku wake zidatulutsidwa mu 2015. Ndegezo sizinkajambula miyala ya mtengo wapatali monga ena ankaganizira. Zinkayesa mphamvu ya maginito ndi cheza chochokera m'nthaka, ndipo kumasulira miyeso yotere ndi ntchito ya munthu wodziwa fizikisi ya dziko lapansi. Nzeru yomweyo, pa mlingo waung'ono, ndiyo imagwira ntchito posankha malo okumba mjigo: amalowetsa magetsi m'nthaka kudzera m'zitsulo zokhomedwa pansi, ndipo pamene magetsi akudutsa mosavuta pamakhala chiyembekezo cha madzi.

Koma chitseko chimene chatseguka posachedwa, ndipo chosadziwika kwa ophunzira ambiri, chili kuchipatala. Chiyambire 1895, pamene Wilhelm Röntgen wa ku Germany adatulukira cheza cha X-ray, chipatala sichidalekanenso ndi fizikisi. Nkhani ya Allan Cormack njoyenera kuidziwa, popeza idachitikira kuno kum'mwera kwa Africa. Iye anali mphunzitsi wa fizikisi pa University of Cape Town, ndipo mu 1956 adapemphedwa kuti azithandiza pa chipatala cha Groote Schuur chimene chinalibe katswiri woyang'anira cheza. Ali kumeneko adaona kuti madokotala powotcha zotupa ndi cheza analibe njira yodziwira bwino mmene chezacho chikuchepera podutsa m'mafupa ndi m'minofu. Adayamba kuwerengera mmene munthu angadziwire za m'kati mwa thupi poliunika kuchokera mbali zambiri. Zimene adalemba mu 1963 ndi 1964 sizidasamalidwe ndi anthu ambiri, koma masamu otero ndiwo ali m'makina a CT scan, ndipo mu 1979 adalandira mphoto ya Nobel ya zachipatala pamodzi ndi Godfrey Hounsfield, iye wosakhala dokotala.

Malawi ndi limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero imapha amayi ambiri zedi, ndipo kwa zaka zambiri wodwala wofunika chithandizo cha cheza ankayenera kutumizidwa kunja, ku India kapena ku maiko oyandikana nawo, ambiri namwalira akudikira. Zinthu zidayamba kusintha mu 2024 pamene makina oyamba otere adayamba kugwira ntchito ku Blantyre, ndi mu 2025 pamene chipatala cha boma cha khansa chidatsegulidwa pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe. Makina amenewa sangayende popanda munthu wotchedwa medical physicist. Dokotala amalamula mlingo wa cheza umene chotupa chiyenera kulandira, koma wotsimikiza kuti makina akutulutsadi mlingo umenewo, ndi kuti chezacho chikugwera pa chotupa osati pa ziwalo zabwino zoyandikana nacho, ndi wa fizikisi. Cheza chikachepa khansa imabwerera. Chikachuluka chimawononga wodwala. Ndipo wodwalayo sangaone kapena kumva kusiyanako pa nthawi ya chithandizo. Apa mpamene khalidwe lija la mu labotale, lokana nambala yosayesedwa, limasanduka chitetezo cha mayi amene wagona pa makinawo.

Kulikonse kumene kuli cheza kumafunikanso woyang'anira. Lamulo la 2011 lidakhazikitsa bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, limene limapereka zilolezo ndi kuyendera malo ogwiritsa ntchito cheza, kuyambira zipinda za X-ray kufikira migodi ya uranium monga wa Kayelekera ku Karonga, umene udatsegulidwa mu 2009. Ndipo pali ena amene ntchito yawo siimveka konse koma imakhudza thumba la aliyense: a Malawi Bureau of Standards, amene amaona ngati kilogalamu ya pa sikelo ya wogula mbewu ndi kilogalamu yeniyeni, ndiponso ngati lita ya pa pampu ya petulo ndi lita yathunthu.

Choko ndi Chingwe

Komabe chitseko chachikulu koposa zonse ndi cha kalasi, ndipo nchachisoni kuti ambiri amalowapo ngati akubisala mvula, akudikira ntchito ina. Madandaulo awo ngomveka, pakuti malipiro a mphunzitsi sakwanira ndipo nyumba za aphunzitsi m'madera ambiri nzosowa. Koma zotsatira zake nzakuti m'masukulu ambiri a sekondale oyendera fizikisi imaphunzitsidwa ndi munthu amene adaphunzira zina, kapena siiphunzitsidwa nkomwe. Mwana wa sukulu yotere, makamaka mtsikana amene adauzidwa kale kuti sayansi ndi ya anyamata, amatsekeredwa udokotala, uinjiniya ndi zanyengo asanadziwe nkomwe kuti adali ndi mwayi wosankha. M'mera mpoyamba, ndipo katswiri wa makina a khansa wa zaka khumi zikudzazi pakali pano ali mu Fomu 2 kwinakwake.

Kusowa kwa labotale ndi vuto lenileni, koma sikuyenera kusandutsa fizikisi kukhala manotsi oloweza. Mphunzitsi amene ali ndi chingwe, mwala ndi wotchi ali ndi zokwanira phunziro limodzi labwino kwambiri. Mwala womangidwa ku chingwe cha mita imodzi ndi kupachikidwa pa phaso, ukakankhidwa pang'ono umapita ndi kubwerera m'masekondi awiri. Ophunzira awerenge maulendo 20, ndipo adzapeza masekondi pafupifupi 40. Kenaka afunsidwe chimene chingachitike mwalawo utasinthidwa ndi wolemera kawiri. Ambiri adzanena kuti udzafulumira, ena kuti udzachedwa; akayesa adzapeza kuti nthawi siisintha. Chingwe chikafupikitsidwa kufika masentimita 25, nthawi imatsika kukhala sekondi imodzi. Kuchokera m'manambala omwewa ophunzira a Fomu 4 angapeze okha mphamvu imene dziko limakokera zinthu pansi, nambala ija ya 9.8 imene amangoiona m'buku. Nyengo ya dzinja imabweretsanso phunziro laulere: masekondi atatu alionse pakati pa kung'anima kwa mphezi ndi kugunda kwa bingu amasonyeza mtunda wa kilomita imodzi, popeza mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi pamene kuwala kumafika nthawi yomweyo.

William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu adasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa njala ya 2002, ndipo makina ake a mphepo adawapanga ataona zithunzi m'mabuku a sayansi a mu laibulale yaing'ono ya pa sukulu ya pulaimale. Nkhani yake imakambidwa kawirikawiri monga umboni wa luntha la mwana mmodzi. Aphunzitsi angaonemonso china: mabukuwo adali pa shelefu pamene mwana akadatha kuwafika, osati m'kabati yokhoma ya mu ofesi.

Kwa amene walowa kale m'yunivesite, choonadi china nchakuti digiri yoyamba ya fizikisi nthawi zambiri imafuna inzake pamwamba pake. Wofuna kugwira makina a khansa ayenera kuwonjezera digiri yachiwiri ndi kuphunzira ntchito m'chipatala, ndipo bungwe la International Atomic Energy Agency, limene Malawi adalowamo mu 2006, limathandiza maiko a mu Africa pa maphunziro otere. Ku Trieste m'dziko la Italy kuli International Centre for Theoretical Physics, imene Abdus Salam wa ku Pakistan adakhazikitsa mu 1964 ndi cholinga chakuti asayansi a m'maiko osauka asamasankhe pakati pa sayansi ndi kwawo. Ku Muizenberg pafupi ndi Cape Town kuli African Institute for Mathematical Sciences, imene idayamba mu 2003 ndipo tsopano ili ndi nthambi ku Senegal, Ghana, Cameroon ndi Rwanda. Ophunzira osankhidwa kumeneko amalipiriridwa zonse. Malo onsewa posankha amayang'ana pepala la zotsatira za zaka zonse zinayi, kuyambira masamu a chaka choyamba, pamodzi ndi makalata a aphunzitsi amene amamudziwa wophunzirayo ndi ntchito yake ya kafukufuku ya chaka chomaliza.